Anamawaya ndi seva ya m'chipinda cha matsache

Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto, ndipo pa ofesi yathu yofufuza zanyengo ndakhalapo mpaka imvi zayamba kundiyendera m'mutu. Anthu ndanyamula ambiri. Ena amagona tikangotuluka pageti, ena amandiphunzitsa kuyendetsa pomwe iwo ngakhale njinga yakapalasa imawagwetsa. Koma munthu amene ndimakonda kumusimba ndi mayi wina amene tonse timamutchula kuti Anamawaya.

Dzinali linachokera m'chikwama chawo. Amayi ena m'chikwama mumakhala kagalasi, mafuta odzola ndi mpango. M'chikwama cha Anamawaya mukapisa dzanja mumatulutsa waya, mukapisanso mumatulutsa waya wina, pansi pake pali sikuludalaivala, tepi yakuda ndi timabatire takutha tomwe iwo amati tsiku lina tidzathandiza. Pa ukwati wa mnzathu wina wa kuntchito, maikolofoni inangoti zii mkwati ali pakati pothokoza anthu. Anamawaya anadzuka atatchena bwinobwino, nsapato zazitali kuphazi, n'kukagwada kuseri kwa sipika. Posakhalitsa mawu a mkwati anamvekanso. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso cha ntchito.

Anabadwira m'banja la ana aakazi okhaokha. Bambo awo ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina m'tauni, ndipo anthu ankawamvera chisoni kuti alibe mwana wamwamuna womusiyira zida. Bambowo ankangoloza ndi chibwano kamtsikana kawo kachitatu, kamene kankabwera molunjika kuchokera kusukulu n'kukhala pa kabokosi, mphuno ili m'kati mwa wailesi ya mwini. Kamtsikanako ndi Anamawaya athuwa. Sukulu anafika nayo kusekondale, kenako anaphunzira kutayipa, ndipo ntchito yotayipayo ndi imene inawabweretsa kwathu kuno.

Pa desiki yotayipira sanakhalitsepo mwamtendere. Pulinta ikatafuna pepala, anthu ankaitana iwo. Kompyuta ya munthu ikakana kuyaka, ankaitana iwo. Ataona kuti manja awo akudziwa zambiri kuposa mapepala awo, anayamba sukulu ya makompyuta ya Loweruka lokhalokha. Amuna awo ndi telala, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Ine ndimawatchula kuti alamu, popeza Anamawaya ndimawatenga ngati achemwali anga. Loweruka lililonse alamuwo ankapalasa makina osokera mwana ali kumsana, makasitomala n'kumawaseka, iwo n'kumati, "Siyani, mayi ake akukaphunzira zoti tidzadye tonse." Satifiketi itatuluka, abwana athu, mayi wamtali wosakonda zolankhula zambiri, anangowasamutsa desiki n'kuwauza kuti makompyuta onse a pa ofesipo tsopano ndi ana awo.

Kuti mumvetse zomwe zinachitika, ndifotokoze kaye ntchito yathu. Ofesi yathu ili ndi masiteshoni oyezera nyengo m'malo osiyanasiyana: ina paphiri, ina pa famu, ina kuseri kwa sukulu, ena kutali kwambiri. Siteshoni si nyumba ayi. Ndi mlongoti wachitsulo basi, pamwamba pali tizikho tozungulira ndi mphepo, pambali pali kachitini kolandira mvula, sola yaing'ono, ndi kabokosi komwe kamalemba zonse pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Mwezi uliwonse ine ndinkanyamula wofufuza mmodzi, n'kuzungulira masiteshoni onsewo kukatenga timakhadito. Tikabwerako, aliyense ankakopera manambala ake pa laputopu yake, makhadi n'kufufutidwa kuti akagwirenso ntchito.

Mwa ofufuza athu muli bambo wina amene timamutcha a Mitambo, chifukwa akamayenda maso amakhala kumwamba, ndipo anagwerapo m'ngalande ya pa ofesi kangapo. Munthu wabwino mtima, wokonda mvula kuposa chakudya. Tsiku lina masana, akufotokozera mnzawo za mphepo ndi manja onse awiri, chigongono chinagunda kapu ya tiyi. Tiyi yense anathera mu laputopu. M'menemo munali miyezo ya dzinja lathunthu, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Anamawaya anaimasula laputopuyo, kuiumitsa, kuinyengerera, n'kupulumutsa mwina theka. Zinazo zinapita. A Mitambo anakakhala pansi pa mtengo wa pabwalo, manja ali m'masaya, moti odutsa ankachepetsa mawu ngati pali zovuta. Mvula imene inagwa kale simungaiuze kuti igwenso kuti muiyeze.

Madzulo a tsikulo, ndikuwaperekeza pokwerera basi, Anamawaya sanali achisoni monga ndinkayembekezera. Maso awo ankachita kuwala.

"Achimwene," anatero, "zinthu ngati izi sizoti zizigona m'zikwama za anthu. Tikufunika seva."

"Seva ndiye ndani?" ndinafunsa. Ndinkaganiza kuti ndi munthu woti alembedwe ntchito.

Anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. "Ndi kompyuta, koma yosaweruka. Sipita kunyumba, simwa tiyi, sigona. Ntchito yake ndi kulandira ndi kusunga basi. Masiteshoni tiwaikira masimukhadi ngati a foni, azitumiza okha manambala, seva izilandira n'kumasanja. Wofuna kuona azikaona kumeneko."

"Ndiye ine ntchito yandithera?"

"Inu? Masola adzapukuta ndani? Mabatire adzanyamula ndani? Muyenda mpaka matayala adzakudandaulani."

Nkhaniyo anaitengera kwa abwana, n'kuilemba, n'kuikonzanso, n'kuitengeranso. Panapita miyezi. Kenako m'mawa wina chilimwe chili pakati, abwana anandiitana n'kundipatsa pepala loti ndikatenge katundu kudepoti ya katundu wochokera kunja. Ndisanalize n'komwe galimoto, Anamawaya anali atakhala kale pampando.

Bokosi lake linali lalitali, lophwatalala, lolemera ngati muli munthu. Tinalikweza kumbuyo, ndipo iwo anakana kubwerera kutsogolo. Anakhala nalo kumbuyo komweko atalikumbatira.

"Pang'onopang'ono pamabampu, achimwene."

"Achemwali, ana anu aja pobadwa ndinawanyamula ndine kuchokera kuchipatala. Simunanditero."

"Aja anali ndi mafupa ofewa, akagundika amachira. Uyu akagundika tilira tonse."

Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira, a minibasi akundiimbira mahutala kumbuyo, iwo akungomwetulira pawindo ngati mkwatibwi.

Titafika panabuka nkhani ziwiri. Yoyamba inali ya malo. Zipinda zonse zinali ndi eni ake, kupatula kachipinda ka kumapeto kwa khonde komwe tinkasungiramo matsache, zokolopera, mipando yothyoka ndi makalendala akale. Kanalibe windo, koma Anamawaya anati ndiye kabwino, fumbi ndi dzuwa sizilowa. Yachiwiri inali yoti aikhazikitsa ndani. Kampani imene inatigulitsa inati anthu ake atha kubwera, koma pamzere panali ena, ndipo akanafika mvula itayamba kale.

"Ndiikhazikitsa ndekha," anatero Anamawaya mu ofesi ya abwana. Ine ndinali pakhomo ndi makiyi a galimoto, ndiye ndinamva zonse.

Abwana anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Munaikhazikitsapo ina?"

"Ya kusukulu, yophunzirira. Yeniyeni ndi ino."

"Mukaiwononga?"

"Mudzandipeza ndikuikonza. Ndipo pomwe ndakanika ndidzawaimbira eni akewo, sindichita manyazi kufunsa."

Abwana anatsegula dirowa n'kuwapatsa kiyi wa kachipindako.

Masabata otsatirawo ofesi yonse inasanduka malo a zomangamanga. Tinatulutsa matsache ndi mipando, tinakolopa, tinapenta. Kalipentala anabwera kudzakhoma shelefu yolimba, wamagetsi anakoka waya wakewake kuchokera pa bokosi lalikulu, ena anadzaboola khoma n'kuikapo makina oziziritsa mpweya. Pansi pa shelefu tinaika mabatire akuluakulu oti magetsi akazima seva isadziwe n'komwe. Mawaya a netiweki Anamawaya anawakoka okha kudzera kudenga. Anabwera ndi ovolosi imene alamu anawasokera, ya matumba paliponse, n'kukwera makwerero mpaka theka la thupi kulowa musiling'i. Ine ntchito yanga inali kugwira makwerero ndi kulandira mawu ochokera kumwamba.

"Kokani wabuluu."

"Onse ndi abuluu, achemwali."

"Amene akugwedezekayo."

Ankatsika mutu uli mbuu ndi fumbi, ukonde wa akangaude uli m'makutu, akuimba nyimbo chapansipansi. Waya aliyense ankamumata kapepala kumapeto konse kuwiri, kolemba komwe wachokera ndi komwe akupita. Nthawi ya nkhomaliro ankadya buledi ndi dzanja limodzi, linalo likutsegula buku la malangizo lonenepa ngati njerwa. Akapeza chomwe amafuna, ankamenya tebulo n'kundifotokozera ine, ngakhale ankadziwa kuti zikungondidutsa pamwamba. China chokha chimene ndinagwira ndi ichi: m'kati mwa seva munali madisiki awiri olemba zofanana nthawi imodzi, kuti ina ikafa inzake itsale, ndipo tsiku lililonse zonse zinkakoperedwanso ku kompyuta ina ya m'nyumba ya kutsidya kwa bwalo.

"Ndiye tiyi wa a Mitambo akafuna kutipweteka, ayenera kuwoloka bwalo lonseli," ndinatero.

"Mwakhoza. Mawa mubwere ndi yunifolomu, mwalowa kalasi yachiwiri."

Tsiku loyatsa, anthu anadzaza pakhonde. Anamawaya anapukuta manja mu ovolosi, anayang'ana mawaya komaliza, n'kudina batani. Chinthucho chinalira ngati ndege ikufuna kunyamuka. Tonse tinabwerera m'mbuyo, a Mitambo anaponda phazi la abwana, ndipo Anamawaya eniakewo anadumpha. Kenako phokosolo linatsika n'kukhala kamluzu kofatsa, timagetsi tobiriwira n'kuyamba kuphethira motsatizana.

"Ndi mafani oziziritsa m'kati chabe, amayamba mwaukali," anatero, dzanja lili pamtima. "Kusukulu anatiuza, koma kumva ndi khutu lako ndi nkhani ina."

Kuyaka kunali kuyamba chabe. Anatha masiku ali pa sikirini yakuda yodzaza timalemba toyera, akuiphunzitsa seva ntchito yake: siteshoni iliyonse ikhale ndi malo ake, chaka chilichonse malo ake, zofika zisasinthidwe ndi wina aliyense, ndipo ofufuza azitha kuwerenga ndi kukopera koma osafufuta. Anaikonzeranso wotchi kuti nthawi yake igwirizane ndi ya masiteshoni onse. Aliyense anamupatsa pasiwedi yake. A Mitambo anafuna kuti yawo ikhale mawu oti mvula, Anamawaya anawabweza kuti ngakhale mwana wa m'kalasi yoyamba akhoza kuilota.

Kenako tinanyamuka kupita kuphiri, kukaika simukhadi mu siteshoni yoyamba. Galimoto imathera m'munsi, kotsalako ndi kwa miyendo. Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana. Anamawaya anatsegula kabokosi, analumikiza kachipangizo kotumizira, anakweza kamlongoti ka netiweki, n'kudikira mpaka kagetsi kofiira katasanduka kobiriwira. Atatero anaimbira a Mitambo, amene anawasiya atakhala patsogolo pa sikirini ku ofesi.

"Yatumiza. Kwafika chiyani kumeneko?"

"Palibe."

"Dinani pomwe ndinakuonetsani paja."

"Ndadina. Kuli mbee."

Anamawaya anayesanso, anazimitsa n'kuyatsa, anasintha simukhadi. Siteshoni inkanena kuti ikutumiza, seva inkanena kuti sinalandire kanthu. Anakhala pamwala n'kuvula chipewa. Ine ndinkangothamangitsa ntchentche. Mphepo inkazunguza tizikho tija pamwamba pathu ngati ikutiseka. Mwadzidzidzi anadzimenya pachipumi n'kuyamba kuseka.

"Achimwene, ndatseka pakhomo ndekha."

"Khomo liti?"

"Seva ija ndinaitchinga kuti akuba a pa intaneti asalowe. Ndatchinga bwino kwambiri moti ndi ana a pakhomo omwe akugogoda panja. Tiyeni."

Kutsika kwake sindidzakuiwala. Mayi wa ana awiri akudumpha miyala ngati mbuzi, chikwama chikuwamenya kumsana, ine m'mbuyo ndikupempha maondo anga kuti andikhululukire. M'galimoto ankangogwedeza mwendo. Tinafika anthu atatsala pang'ono kuweruka. Analowa m'kachipinda kaja osasamba n'komwe m'manja, analemba mizere ingapo, n'kutsamira kumbuyo.

"Siteshoni ikalephera imasunga n'kuyesanso. Tidikire."

Tinadikira, abwana ali chiimire ndi chikwama chawo paphewa. Kenako pa sikirini panatulukira mzere umodzi. Pansi pake wina, winanso, mpaka yonse ya masana aja inakhuthuka ngati mpopi wotsegulidwa. Nthawi, kutentha, chinyezi, liwiro la mphepo, mbali yomwe ikuchokera. Kumapeto kwa mzere uliwonse, pa malo a mvula, panali ziro.

A Mitambo anawerenga mokweza ngati akulengeza zotsatira za mayeso. "Mvula, ziro. Mvula, ziro." Anthu anaomba m'manja, wina anaimba mluzu, mayi wokonza mu ofesi anavina pakhonde ndi chokolopera. Chibadwire sindinaonepo anthu ophunzira akusangalalira ziro chonchija. Abwana anangogwira phewa la Anamawaya n'kunena kuti, "Phiri lija likulankhula." Anamawaya anali akumwetulira, misozi ikudula njira m'fumbi la kumaso.

Masiteshoni enawo anatsatira mosavuta. Loweruka lina Anamawaya anandipempha kuti ndikawatengere bambo awo, kuti adzaone. Madalawo tsopano maso anachita chifunga, amayenda ndi ndodo, koma makutu akadali akuthwa. Tinawalowetsa m'kachipindako, anadandaula kuzizira, kenako anapapasa shelefu mpaka kupeza seva. Anaikapo chikhatho, n'kuweramitsa khutu, n'kukhala choncho kanthawi.

"Ikupuma bwino," anatero. "Imagwira masiteshoni angati?"

"Onse athu, ababa, ndipo malo akadalipo a ena."

"Nanga ya nyimbo ndi iti?"

Mwana wawoyo anaseka. "Iyi ilibe nyimbo. Imagwira mphepo, mvula ndi kutentha basi."

Madalawo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine moyo wanga wonse ndinkagwira mawu oyenda mumphepo. Iwe wagwira mphepo yeniyeniyo." Atatero anapempha kuti atuluke, ati mafupa awo si a m'firiji. Pobwerera anandifunsa mafunso njira yonse, ndipo ndinadabwa kuti ambiri ndinkatha kuwayankha.

Patangopita masiku ochepa kunabuka chodabwitsa. Siteshoni ya ku famu inayamba kunena kuti kukugwa mvula. Kumwamba kunali kopanda ngakhale kamtambo, chilimwe chili pachimake, koma m'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka, kachitini kaja kankalemba mvula yowaza, kenako n'kusiya. A Mitambo sankakhazikika. Ankayenda uku ndi uku ndi mapepala, akukamba za mame, za nkhungu ya m'chigwa, za chinthu chomwe mwina palibe anachilembapo. Anamawaya iwo nkhope inagwa. Ankaopa kuti seva yawo yayamba kupeka, kapena ikusakaniza manambala a masiteshoni. Anafufuza paliponse, osapeza cholakwika.

"Tikaone ndi maso," anatero abwana.

Tinalawirira atatu, ine, Anamawaya ndi a Mitambo, n'kufika ku famu kukungocha. Tinaima pafupi ndi mlongoti, makosi ali chagada. Kumwamba kunali mbee. Kenako kuseri kwa mpanda kunamveka injini ikulira, ndipo tisanadziwe chomwe chikuchitika madzi anatiwaza kumaso, pa magalasi a a Mitambo, ndi m'kachitini momwe. Eni famu anali atangoyala nazale ya mbande kuseri kwa mpandawo, n'kuika mipope yothirira yozungulira yokha.

Woyamba kuseka anali a Mitambo. Anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa, akuti nkhungu yawo ya m'chigwa ili ndi injini. Anamawaya anakweza manja m'mwamba, madzi akuwatsikira m'khosi. "Ndiye kuti sinaname. Madzi analowadi, iyo inalemba."

Woyang'anira famu anapepesa kwambiri, ndipo mpope wa kumpandawo anausuntha tsiku lomwelo. Tili m'njira a Mitambo anati mvula yabodzayo ifufutidwe. Anamawaya anakana.

"Mu seva sitifufuta. Tingoikapo chizindikiro pambali, n'kulemba kuti masiku awa anali madzi a mpope. Wina akadzabwera ife kulibe, adzadziwe zomwe zinachitika, asadzapeze dzenje n'kumalota."

A Mitambo anaganiza pang'ono n'kuvomera, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wopita ku siteshoni amalemba mu seva chomwe wapeza: chisa cha mavu, sola yakuda ndi fumbi, ng'ombe yokhulana ndi mlongoti. Ngakhale ine ndili ndi pasiwedi yanga yolembera zimenezi.

Mvula yeniyeni inabwera Lachinayi lina masana. Kunja kunkatentha moti phula ankanyezimira, ndipo ine ndinali m'galimoto zitseko zili pululu, ndikuwodzera. Ndinamva a Mitambo akuitana anthu pakhonde. Nditalowa ndinapeza onse aunjikana pa sikirini yaikulu imene Anamawaya anaipachika m'chipinda cha misonkhano. Siteshoni yakutali kwambiri inali itasintha. Kutentha kunkatsika mzere ndi mzere, mphepo inatembenuka, ndipo pa malo paja pa ziro panayamba kukwera manambala.

"Yayamba," anatero a Mitambo motsitsa mawu.

Patapita kanthawi ya kuphiri nayo inagwidwa. Kenako ya ku famu, ndipo wina anafunsa ngati si mpope, chipinda chonse n'kuphulika ndi phwete. A Mitambo ankaloza ndi cholembera njira imene mvulayo inkadzera, siteshoni ndi siteshoni, molunjika kwathu. Kale zimenezi tikanadzazidziwa mwezi utatha, titazitola pa timakhadi. Tsopano tinkaiona ikubwera ngati mlendo amene waonekera kale kumsewu.

Anamawaya anatulutsa foni n'kuimbira alamu, amene amapachika nsalu ndi madiresi osokasoka pakhonde la shopu yawo.

"Bambo a ana, lowetsani nsalu, kukubwera mvula."

Foni inali pa sipika, tonse tinamva yankho. "Mvula iti? Kuno dzuwa likuswa mtengo."

"Lowetsani, ndakuuzani."

"Chabwino, mayi. Koma ikapanda kubwera mudzandithandiza kupachikanso."

Kunja kunayamba kuda. Mphepo inakunkhuniza masamba ndi mapepala pabwalo, zitseko zinamenyeka, fungo la dothi linalowa m'mawindo. Chiphaliwali chinang'anima, bingu linagunda pafupi, ndipo magetsi a nyumba yonse anazima. Sikirini yaikulu ija inangoti bii. Anamawaya anatuluka liwiro, ine pambuyo. Anatsegula kachipinda kaja, ndipo mumdimamo timagetsi tobiriwira tinali tikuphethirabe, kamluzu ka mafani kakumveka monga mwa masiku onse. Mabatire anali atalandira ntchito mosadodoma. Anatsegula laputopu yawo, ndipo mizere inali ikufikabe umodzi umodzi, kuchokera kuphiri, ku famu, kusukulu.

Pamalata panagwa dontho loyamba, lachiwiri, kenako chimvula chinakhuthuka moti sitinkamvana. Anthu anathamangira pakhonde. A Mitambo anatuluka pabwalo osavula ngakhale jekete, manja atatambasula. Anamawaya anaima pakhomo la kachipinda kawo, diso lina kunja, lina pa laputopu. Foni yawo inalira, anali alamu, ndipo anaiikanso pa sipika.

"Mayi," anatero, mvula ikusokosera kumbuyo kwawo, "anzanga a mashopu oyandikana nawo anyowetsa katundu yense. Akufunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti munakwatira bwino."

Dzinja limenelo linasungidwa lathunthu, popanda tsiku losowa. Ophunzira a kuyunivesite anayamba kubwera kudzapempha manambala, ndipo m'malo mowauza kuti mwini laputopu ali kutchuthi, Anamawaya ankawatsegulira pomwepo. Disiki imodzi inafadi chaka chotsatira. Seva inawatumizira uthenga pa foni, iwo anaisolola n'kulowetsa ina anthu ali pa tiyi, ndipo ambiri sanadziwe kuti kunachitika kanthu.

Mbiri inafika ku ofesi inzathu ya kuchigawo china, imene inali ikuyendabe ndi timakhadi m'matumba. Analembera abwana kupempha kuti awabwereke munthu amene anakhazikitsa seva yathu. Abwana anawerenga pempholo pamsonkhano, n'kuwonjezera kuti akuwabwereketsa kokha, abwezedwe ali amphumphu. Asananyamuke, Anamawaya anaphunzitsa a Mitambo zoyang'ana m'mawa uliwonse, n'kuwalumbiritsa kuti kapu iliyonse izitsala panja pa chitseko.

Ulendowo ndinawaperekeza ndine. Msewu wake ndi wautali, wodutsa m'minda ndi m'zigwa zomwe ine sindinkazidziwa. Iwo njira yonse ankakamba za kumene tikupitako, kuti kaya chipinda chake n'chotani, kaya netiweki imagwira, kaya kuli munthu amene angamusiyire luso kuti asamadalire iwo. Titadutsa mlatho wina anasuzumira pawindo. Kumanzere kunali kaphiri kosongoka, kopanda mitengo pamwamba, koyang'ana chigwa chonse.

"Imani kaye, achimwene."

Ndinaima. Anatsika, anayang'ana kaphiriko, anayang'ana mbali imene mphepo inkachokera, kenako anakweza foni m'mwamba kuti aone ngati netiweki ilipo. Ndinawaona akumwetulira.

"Pakati pa masiteshoni athu ndi a anzathuwa palibe chilichonse choyeza. Mvula ikadutsa pano imayenda yokha popanda woiona. Pamwamba pajapo pakanakhala mlongoti umodzi…"

Ndinayang'ana kutalika kwa kaphiriko, ndinayang'ana maondo anga.

"Galimoto ikafika pati?" ndinafunsa.

"Tikafunse anthu a m'nyumba izo. Tiyeni, sititenga nthawi."

Ndinakhoma galimoto n'kuwatsatira.